Phala Sitidya, Timamwa

Zinayamba ndi kachilonda pa chala chachikulu cha phazi langa lamanzere. Munali mu Okutobala, kuzizira kwa kuno ku London kutangoyamba, ndipo ine ndinkangoti ndi nsapato yatsopano yandiluma. Patapita milungu itatu kachilondako kanali pomwepo, osapola, komanso osapweteka. Kusapwetekako ndi kumene kunandiopsa. Nthawi yomweyo ludzu linandikula, botolo la madzi silinkachoka m'manja, ndipo ndikakwera masitepe a pa siteshoni ndinkafika pamwamba ndili wefuwefu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira.

Dzina langa ndine Esinati, kwathu ndi ku Zomba. Ndinabwera kuno ku London zaka zoposa makumi awiri zapitazo kudzaphunzira ku Greenwich, ndinatsalira, ndipo tsopano ndimakhala ku Croydon kumene ndimaphunzitsa masamu pa koleji ina. Za sukuluzi ndazinena dala, kuti wina asati zimene zinandionekera ine zimagwera anthu osaphunzira okha.

Dokotala wa m'dera lathu atandiyeza magazi anapeza shuga. Ndinayamba ndi mapiritsi, ndipo chaka chisanathe anandiwonjezera jakisoni wa insulini wodzibaya ndekha pamimba. Kenako inabwera BP. Kenako anapeza kuti ndikagona ndimabanika, mpweya n'kumadukiza, ndiye anandipatsa makina oti ndizigona nditavala kumphuno. Pa sikelo ndinkalemera makilogalamu 128. Tsiku lina dokotalayo anatembenuza kompyuta kuti ndione zotsatira za impso zanga, n'kundiuza kuti zayamba kutopa. Anati pali opareshoni yochepetsa chifu imene imathandiza anthu onga ine, ndipo akufuna anditumize kwa akatswiri ake. Ndinapsa mtima. Kwathu kuchikazi tonse ndife a matupi, ndipo palibe anatitchulapo odwala chifukwa cha thupi. Koma bambo athu shuga yomweyi inawadulitsa mwendo asanamwalire, ndiye ngakhale ndinatuluka m'chipindamo ndikung'ung'udza, fomu ndinasayina.

Ndinadikira chaka ndi miyezi iwiri. M'kati mwa nthawi imeneyo ndinkapita kuchipatala chachikulu pafupifupi mwezi uliwonse, kukaonana ndi wa zakudya, wa za maganizo, wa mtima, ndi ena amene ndinaiwala ntchito zawo. Ndisaname, anthu amenewa sindinkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Aliyense wobwera pafupi nane ankayamba ndi funso limodzimodzi, dzina langa lonse ndi tsiku lobadwa, ngakhale amene wangondifunsa kumene pakhomo. Ine ndinaimapo pa mizere ya ku maofesi oona za anthu olowa m'dziko kuno ku Croydon, ndipo ndikudziwa mmene munthu amafunsira akamafuna kukukola ndi mawu ako omwe. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti amatero poopa kupereka mankhwala a wina kwa wina. Panthawiyo ndinagula kope lachikuto cholimba, n'kumalembamo dzina la aliyense amene wandigwira, nthawi yake, ndi zimene wanena. Ndinkati tsiku likadzafika, umboni ndidzakhale nawo.

Dokotala wa opareshoni ndinakumana naye koyamba mu Novembala. Anali bambo wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo nkhope yake sinkachoka kumwetulira. Anajambula chifu papepala, n'kulemba mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anati gawo lalikululo adzalichotsa, kotsalako kadzakhala ngati nthochi, ndipo m'mbali mwake adzasokamo ndi timawaya. Munthu akukuuza kuti adula chifu chako n'kukataya, iye ali mwee. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamutchula kuti a Mwemwe. Anapempha ngati ophunzira awiri angakhale nawo pa zokambiranazo, ine ndinakana. Ndinati sindinabwere kudzakhala bolodi la m'kalasi.

Anandiuza zoopsa zake mosabisa. Anati nthawi zina pamene asokapo pamatha kutseguka kabowo, zam'chifu n'kumadonthera m'mimba. Anatchula zizindikiro zitatu: kutentha thupi, mtima kuthamanga, ndi kupweteka kwa phewa lamanzere. “Mukaona chimodzi mwa zimenezi, musadikire kuti kuche. Bwerani kuno nthawi yomweyo,” anatero. Ndinazilemba m'kope muja bwinobwino, ndipo m'mbali mwake ndinawonjezera mawu anga akuti “akudzitchinjiriza”. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinkangoona munthu wokonzeratu pothawira.

Ndili ndi achemwali anga aakulu, a Lavunesi, amene amakhala ku Edmonton ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anandilera ndi iwo amayi atamwalira, ndipo kuno ndi m'bale yekhayo amene ndili naye. Nkhani ya opareshoniyi anaikana kwamtuwagalu. Ankati thupi limeneli ndi lakumtundu, komanso ndikatsika mwadzidzidzi anthu akutchalitchi adzayamba kunong'onezana, poti tonse tikudziwa zimene amaganiza kwathu munthu akaonda msanga. Ataona kuti sindikubwerera m'mbuyo anangoti chabwino, n'kupempha tchuthi cha milungu iwiri kuti adzandidwazike.

Opareshoni inachitika Lachiwiri lina mu Malichi. Milungu iwiri ya m'mbuyo mwake ndinkakhalira mkaka ndi yogati, akuti kuti chiwindi chiphwe. Tsikulo ndinafika seveni koloko m'mawa, anandiveka chovala chomanga kumbuyo chija ndi masokosi othina ofika m'mawondo, ndipo ndinakhala pampando mpaka cha m'ma thu koloko masana. Anthu amene anabwera pambuyo panga ankalowa ine ndikuona, ndipo zimenezonso ndinazilemba. Nditatsitsimuka ndinali ndi timabala tisanu pamimba, kukhosi kuli gwa. Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe anesi awiri anandidzutsa kuti ndiyende m'khonde la wodi. Ndinaona ngati nkhanza, koma anati n'kuopa kuti magazi angaundane m'miyendo. Lachinayi m'mawa anati ndili bwino, ndizipita. Mumtima ndinati ee, bedi akulifuna.

Ndisanatuluke, mayi wa zakudya anakhala pambali pa bedi n'kundipatsa kapepala ndi kakapu kakang'ono ka pulasitiki. Anati kwa milungu iwiri ndizimwa zamadzimadzi zokha, pang'onopang'ono, kenako milungu ina iwiri zopotedwa bwino, kenako zofewa. Analankhula zambiri. Ine makutu anali pa kumvetsera ngati mawu ake akusiyana ndi a dokotala uja, ndiye zina zinangondidutsa. Kapepalako ndinakapinda n'kukaika pakati pa kope.

Titafika kunyumba achemwali anandifunsa kuti, “Ndiye akuti uzidya chiyani?”

“Akuti ndisadye chilichonse milungu iwiri. Ndizingomwa basi.”

“Palibe vuto. Wodwala amamwa phala.”

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. M'chilankhulo chathu phala sitidya, timamwa. Likhale lolimba bwanji, ukhale ukulitapa ndi supuni, ukafunsidwa umati ndamwa phala. Munthu akhoza kumwa phala m'mawa, kumwa tiyi wa buledi masana, madzulo n'kudandaula ndi mtima wonse kuti lero sindinadye, ndipo palibe angamutsutse. Ine Chingerezi ndimachilankhula tsiku lonse m'kalasi. Koma lamulo la kuchipatala nditangolitembenuza kuti achemwali amve, linasanduka lamulo lina, ndipo tonse awiri sitinazindikire.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinamwa madzi, mkaka ndi msuzi wa nkhuku wosefa. Loweruka m'mawa, tsiku lachinayi chichitikireni opareshoni, achemwali anaphika phala la mgaiwa umene wina anawatengera kuchokera kumudzi. Anathira nsinjiro ndi majarini, mmene ankandiphikira ndili mwana ndikadwala malungo. Fungo lake lokha linandigwetsa misozi. Kunena zoona, kamtima kena kanandiuza kuti nditsegule kapepala kaja ndione. Ndinakatontholetsa. Ndinati malamulo amenewa analembera anthu a kuno ozolowera supu wa m'chitini, sadziwa chimene chimadzutsa wodwala wa kwathu. Ndinamwa pafupifupi theka la mbale.

Sipanapite nthawi, pachifuwa panandigwira ngati ndameza mwala, ndipo ndinasanza mwamphamvu kangapo. Achemwali anati ndi m'mimba mukuzolowera, wodwala salekerera. Lamulungu m'mawa analiphikanso, lofewerako pang'ono, ndinamwa, ndinasanzanso. Madzulo a tsiku limenelo phewa lamanzere linayamba kuwawa.

Lolemba nesi wa kuchipatala anandiimbira foni, monga amachitira ndi aliyense amene watuluka kumene. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndadyako kanthu kalikonse. Ndinayankha kuti ayi, ndikungomwa. Sindinkanama. M'mutu mwanga funsolo linafika ngati “mwadya?”, ndipo yankho lake linali ayi. Kunama kunabwera pa funso lachiwiri. Atandifunsa za ululu ndinati ndi pang'ono chabe, za phewa sindinatchule. Ndinkadziwa kuti ndikatchula andiuza kuti ndibwere, ndipo ine kumeneko sindinkafunako. Anandikumbutsa zizindikiro zitatu zija, ine n'kulemba dzina lake ndi nthawi imene waimba.

Pofika Lolemba masana thupi linali moto. Mtima unkagunda mpaka ndinkaumva m'makutu, ndipo ndikapuma mozama phewa linkandibaya. Zizindikiro zonse zitatu zinakwana, ndipo ndinkazidziwa, pakuti ndinazilemba ndi dzanja langa. Koma ine ndi achemwali tinali titaweruza kale mlandu. Tinati a Mwemwe anapatsa mpeni ophunzira aja ine ndili mtulo, kapena anaiwala kanthu m'mimba, ndipo n'chifukwa chake ananditulutsa mothamanga. Achemwali anati, “Usabwerereko. Ukapita akakumaliza kuti abise manyazi awo.” Ndinagwirizana nawo. Tinkasungunula panado m'madzi, kuika botolo la madzi otentha paphewa, ndi kupemphera. Lachiwiri lonse ndinagona pa sofa ndikunjenjemera, ndipo mutu ukapepukako ndinkalemba kalata yodandaula pa foni.

Lachitatu m'mawa ndinagwa pakhomo la bafa. Ndimakumbukira kuzizira kwa matailosi patsaya, ndi mawu a achemwali akukuwa pa foni. Anachonderera a ambulansi kuti anditengere kuchipatala china chilichonse, koma iwo anati amene anandichita opareshoni ndi amene akudziwa za m'mimba mwanga. Nditaona geti lomwe lija ndinalira, osati chifukwa cha ululu koma mkwiyo.

Anandiika diripi manja onse awiri, anandimwetsa timadzi towawa, n'kundilowetsa mu sikani. Pasanathe ola dokotala uja anatulukira. Tsiku limenelo sankamwetulira. Anati chakumtunda kwa msoko kwatseguka, m'mimba mwadzaza mafinya, ndipo matenda ayamba kulowa m'magazi. Kenako anandifunsa chimene ndadya.

“Palibe,” ndinatero.

Anafunsanso, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Atafunsa kachitatu ndinasonkhanitsa timphamvu tonse timene ndinatsala nato n'kumuuza kuti asandiponyere mlandu wake.

“Mayi, sindikufunafuna wolakwa,” anatero motsitsa. “Sikani ikuonetsa zinthu zimene si madzi. Ndikufuna kudziwa chimene ndikachipeze ndikalowamo.”

Ndinatembenukira kukhoma. Fomu ya opareshoni yachiwiri ndinasayina chifukwa panalibenso pothawira, ndipo ndinalowa m'fiyeta masana omwewo ndikukhulupirira kuti mwina sindituluka. Anatsuka m'mimba, anasiya kapaipi kotulutsa mafinya m'nthiti, ndi kena kodutsa m'mphuno kopita kumatumbo kuti chakudya chizilambalala chifu. Ndinakhala masiku awiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo za masiku amenewo sindikumbukira zambiri.

Atandibwezera ku wodi wamba, anandiuza kuti pakamwa pasalowe chilichonse, ngakhale dontho la madzi, kufikira bowolo litatsekeka. Moyo wa m'wodimo unali umodzimodzi tsiku lililonse. Sikisi koloko kuyeza thupi ndi BP, kenako wotenga magazi, kenako gulu la madokotala kuzungulira mabedi, kenako kudikira. Ngolo ya chakudya inkadutsa katatu patsiku osaima pa bedi langa. Milomo ankandinyowetsa ndi kathonje.

Pa anesi a m'wodimo panali Sisita Tembo, mayi wa ku Zambia, kwawo ku Chipata. Anandimva ndikulankhula pa foni ndi achemwali, ndipo tsiku lotsatira anandipatsa moni m'chinyanja chawo cha m'tauni. Ine m'malo mosangalala ndinachenjera. Ndinati awa awatuma, aona kuti m'Chingerezi sandipeza, ndiye abweretsa wa chilankhulo chathu kuti andifufuze. Kwa masiku angapo ndinkawayankha mwachidule, ee kapena ayi. Iwo sanatope. Ankandisambitsa, kundipesa, ndi kundiseka kuti ndimayang'ana anthu ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

M'mawa wina akusintha thumba la kapaipi ka m'nthiti kaja, anandifunsa osandiyang'ana n'komwe.

“Mami, ba dokota bakamba ati simunadye. Nabauza ati ni zoona, muntu wa kwatu akakamba ati sinadye ninshi sanadye. Manje niuzeni ine, munamwa chani?”

“Madzi. Mkaka. Msuzi wa nkhuku wosefa. Ndi phala.”

Manja awo anaima.

“Phala ya bwanji? Yamanzimanzi, olo ija yamene supuni iimilila?”

“La mgaiwa. Lothira nsinjiro.”

“Kangati?”

“Kawiri. Loweruka ndi Lamulungu.”

Anamaliza kumata thumba lija, anavula magolovesi, n'kukhala pampando wa alendo. “Mami, kuli aba bantu iyo ni kudya. Kumwa kwao ni vintu vamene vingapite mu sefa ya tiyi. Ngati yasala pamwamba pa sefa, ni chakudya.”

Atachoka ndinatenga kope lija n'kufunyulula kapepala ka mayi wa zakudya koyamba chichokereni m'chipatala ulendo woyamba uja. Zonse zinalimo, ndipo phala la oti, limene a kuno amadya m'mawa, analiika pa mlungu wachitatu, atalembanso kuti likhale losukuluka. Ndinatsegula masamba a kope limodzilimodzi. Munali mayina a anthu oposa makumi atatu, nthawi imene analowa, nthawi imene anatuluka, amene anachedwa kuyankha belu, amene sanandipatse moni. Za chimene chinalowa m'kamwa mwanga munalibe ngakhale mzere umodzi. Amati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse, ndinamwa phala, ndipo manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa ululu wa bala.

Mawa lake ndinamuuza dokotala uja, Sisita Tembo ali pomwepo. Ndinkayembekeza kuti asangalala poti wapeza pothawira, ndipo ndinkamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati athamangire kulemba. Sanalembe msanga. Anati, “Sindingalumbire kuti ndi phalalo. Bowo lotere limatha kuchitika ngakhale kwa munthu amene watsata zonse, ndipo n'kutheka kuti likanachitikabe. Chakudya cholemera ndi kusanza pa tsiku lachinayi zimakoka msoko, zimenezo n'zoona. Koma chimene chinatsala pang'ono kukuphani ndi masiku atatu amene munakhala kunyumba.” Kenako anatembenukira kwa Sisita n'kufunsa kuti akanafunsa bwanji kuti amve zoona tsiku loyamba lija. Sisita anati asamafunse ngati munthu wadya, azimuuza kuti atchule chilichonse chimene chadutsa pakhosi, chimodzichimodzi. Zimenezo ndi zimene analemba.

Ndinakhala m'chipatala milungu isanu ndi umodzi. Sikani yachiwiri inaonetsa kuti bowo lachepa koma lilipo, ndipo tsiku limenelo ndinalira ngati mwana. Yachitatu, chakumapeto kwa Epulo, inaonetsa kuti latsekeka. Sisita Tembo ndi amene anandibweretsera madzi oyamba m'kakapu kaja, n'kuima pompo kuwerenga mmene ndikumezera. Achemwali ankabwera modumphitsa tsiku limodzi, sitima ziwiri ndi basi kuchokera ku Edmonton, nthawi zina atangoweruka ku shifiti. Ankafika ndi fulasiki m'chikwama, ndipo Sisita ankailandira pakhomo mwaulemu n'kukaisunga mpaka nthawi yobwerera. Ndinawapempha Sisita kuti za phala zisawafike achemwali. Anati nkhani ndi yanga, iwo sanganene, koma anapukusa mutu.

Nditatuluka ndinatsata kapepala kaja ngati malamulo khumi. Ndinagula sefa ya tiyi yatsopano, ndipo milungu iwiri yoyamba chilichonse chinkayamba chadutsa mmenemo. Tsitsi linathothoka kwa miyezi ingapo kenako linameranso. Ndinabwerera kuntchito mu Seputembala. Tsopano papita zaka ziwiri ndi theka. Ndikulemera makilogalamu 86, insulini ndinasiya, makina ogonera ndinabweza, ndipo mankhwala a BP ndatsala ndi piritsi limodzi. Impso zinaima pamene zinali, sizinapitirire kuwonongeka. Ndimamwa mavitamini tsiku lililonse ndipo ndimabayitsa jakisoni miyezi itatu iliyonse, moyo wanga wonse. Ndimadya pa sosala, pang'onopang'ono, ndipo ndikafulumira thupi limandilanga. Akutchalitchi ananong'onezanadi, ena mpaka kundigwira dzanja n'kumati tikukupemphererani, koma zimenezo zinatha zokha. Khalidwe lokayikira silinandichoke lonse. Mpaka lero nesi akabwera ndi jakisoni ndimayamba ndawerenga botolo.

Chimene chimandipweteka ndi china. Achemwali nawonso ali ndi shuga, ya mapiritsi, ndipo kale ankapita kukayezetsa mokhulupirika. Zanga zija zitachitika anasiyiratu. Ankauza aliyense kuti madokotala a kuno anatsala pang'ono kupha mng'ono wawo, ndipo iwo sadzapondakonso. Ine ndinkamva, n'kungokhala chete. Ndinkati ndikuwasungira mtima, poti munthu amene anakulera, n'kusiya ntchito yake kudzakuphikira, ungamuuze bwanji kuti phala lake ndi limene linakugoneka m'chipatala? Komanso ndisabise, zinkandikomera kuti wolakwa akhale a Mwemwe pamaso pa anthu. Ndinakhala chete kupitirira chaka.

Loweruka lina masana ndili kwawo, ndinaona akuthira tiyi pambali pa kapu, patebulo. Anaseka n'kunena kuti ndi ukalamba. Foni ankaiwerenga ataigunditsa pamphuno. Pamwamba pa firiji panali mulu wa makalata a kuchipatala osatsegula, ndipo nditatsegula atatu ndinapeza kuti onse ndi owaitana kukayezetsa maso, monga amachitira ndi aliyense wa shuga chaka ndi chaka. Ndinawakhazika pansi n'kuwauza zonse, za sefa, za Sisita Tembo, ndi zimene dokotala ananena, kuti sangalumbire za phala koma za masiku atatu aja.

“Ndiye ukuti ndine ndimafuna kukupha?” anatero.

Ndinati ayi, amene ananena kuti ndizingomwa ndine, amene sanawerenge kapepala ndine, amene ananamiza nesi pa foni ndinenso. Anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta tebulo, ndipo ndinatuluka osandiperekeza. Kwa milungu itatu foni yanga sankayankha. Kenako tsiku lina ndili pa tramu, kasitima koyenda mumsewu, anaimba, osapereka ndi moni womwe. Anati Lachinayi teni koloko akufunika kuchipatala cha maso, ndipo akuti akakawathira mankhwala m'maso sangayende okha, ndiye ndikawaperekeze.

Dokotala wa maso anapeza kuti timitsempha ta kuseri kwa maso onse awiri takhala tikutuluka magazi kwa nthawi yaitali. Diso lamanzere analigwira nthawi ilipo, ndipo atalandira chithandizo kangapo likuona bwino ndithu. Za lamanja anati tikanabwera chaka chatha.

Ndalemba izi chifukwa cha inu amene muli ndi kalata ya kuchipatala pamwamba pa firiji, kapena chizindikiro chimene mukuchidziwa koma mukuti tione mawa. Kukayikira sindikuletsani, funsani mafunso onse amene muli nawo, ndipo wina akakuyankhani mwachipongwe kadandauleni. Koma kakayikireni muli komweko, akukuyezani. Akakufunsani za chakudya, musayankhe kuti ndadya kapena sindinadye, tchulani zinthuzo mayina ake. Ngati mukumasulira m'bale wanu malangizo a dokotala, werengani naye kapepalako mzere ndi mzere. Ndipo ngati pali zoona zimene mukubisira munthu poopa kumukhumudwitsa, pamene iye akuthawa chipatala chifukwa cha zimenezo, muuzeni lero.

Achemwali anabwerera kuntchito, ngakhale shifiti anawachepetsera. Za tsiku lija sitinakambiranenso. Ndimapita ku Edmonton Loweruka lililonse, timamwa tiyi, ndipo makalata awo timatsegula limodzi. Ndikafika ndimakoka mpando n'kukhala kumanzere kwawo, kuti azindiona.